Mtembo Umene Misundu Inaukana

Mtembo wa Dokotala Ambokile Mwakalinga unapezeka Lachiwiri m'mawa m'munda wa mpunga ku Mwenilondo, uli chafufumimba m'madzi. Buluku linali lopindidwa bwinobwino mpaka m'mawondo, ndipo nsapato zinali zitasanjidwa pamtunda mwaulemu ngati za munthu wolowa m'nyumba ya apongozi.

Inspekitala Lyson Makwinja anafika dzuwa litayamba kale kuwotcha. Anali mkulu wonenepa wa ku Mulanje, wofufuza milandu amene ntchito inamukalambitsa koma osamuphunzitsa changu. Anavula nsapato n'kulowa m'madzimo kuti aone mtembo anthu asanaunyamule. Sanakhalitsemo, koma potuluka anapeza misundu itamatirira m'miyendo monse, ikuyamwa magazi ake osapempha n'komwe. Amayi ena anamuthandiza kuichotsa ndi mchere, uku akubisa kuseka.

Amene anapeza mtembowo anali Ipyana, mkulu wake wa malemu, wamalonda ogulitsa usipa wouma. Pofotokoza m'Chichewa chosakaniza ndi Chinkhonde, anati anadutsa pa njinga mbandakucha n'kuona mng'ono wakeyo ataima m'madzi, buluku atapinda, akugwira misundu. Anapatsana moni. Pobwerera ndi pamene anamupeza atagwa.

Zogwira misunduzo sizinadabwitse aliyense. Ambokile anachitidwapo opaleshoni ya mtima ku Dar es Salaam, ndipo tsiku lililonse ankamwa mankhwala oti magazi asamaundane. Chibwerereni, mtima wake wonse unali pa malovu a misundu, amenenso amaletsa magazi kuundana, poganiza kuti tsiku lina adzathandiza odwala anzake. Labotale imene ankachitiramo kafukufukuyu inkapimanso zakudya za m'misika.

Pofika masana, achibale anali ataweruza kale mlandu. Ati mkazi wa malemu, Madalo, namwino wochokera ku Ntcheu, ndiye anamuchulukitsira mankhwala, pakuti oyandikana nawo anawamva akukangana Lolemba. Anamuthamangitsa pasiwa n'kumulanda ana ake awiri. Apolisi anamusunga, mwina pomukayikira, mwinanso pomuteteza. Maliro anali Lachinayi. Makwinja anaona kuti zikapanda kudziwika pofika tsikulo, mayiyu sadzaika mwamuna wake m'manda, ndipo ana adzakula akudziwa kuti mayi awo ndi amene anapha bambo awo. Zimenezi zinamuvuta mumtima.

M'chipinda chofunsiramo mafunso, Madalo sanakane za mkanganowo. Anati mwamuna wake anali ndi nkhani imene inkamusowetsa tulo koma ankakana kuiulula, ndipo Lolemba madzulo anachoka ponena kuti akagona ku labotale, monga ankachitira ntchito ikachuluka. Makwinja anaika nsapato zija patebulo. Mayiyo anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga majombo ake ali kuti, bwana?"

"Majombo?"

"Munthu womwa mankhwala amene aja salowa m'madzi a misundu miyendo ili pamtunda. Msundu umodzi wokha, magazi sangasiye mpaka madzulo. Bambo a Wezzie ankavala majombo ofika m'chiuno."

Zopima mtembo sizinathandize kwambiri. Dokotala anapeza chotupa kunkhongo ndi magazi ochuluka m'mutu, nati kugwa kungachite zimenezo, makamaka ngati mankhwala anachuluka. Achibale akanamva akanaomba m'manja. Koma Makwinja, amene anaima pamenepo akukanda miyendo yake yomwe inali ikuchuchabe magazi, anapempha kuti avundukule kumiyendo kwa mtembo. Khungu linali losalala, lopanda bala ngakhale limodzi.

Lachitatu m'mawa anapita ku labotale, kumene anapeza Dokotala Bessie Gondwe, mnzake wa malemu pa kafukufuku. Majombo aja anali pakhoma kuseri kwa chitseko. Bessie anamuonetsa misundu m'mabotolo n'kufotokoza kuti imalondola kutentha kwa thupi ndi kugwedezeka kwa madzi. Nyama yozizira, yosayenda magazi, ilibe nayo ntchito. Ataona miyendo ya Makwinja, anati iyeyo ndiye inamukonda zedi.

Kenaka mayiyo anatsitsa mawu. Mwezi wathawo ana a pasukulu ina yogonera konko anadwala atadya usipa, mtsikana mmodzi n'kumwalira. Iye ndi Ambokile anapima usipawo n'kupeza kuti unapoperedwa mankhwala a m'munda wa thonje kuti usagwe mphutsi. Ambokile ankadziwa amene anagulitsa, koma anapempha kuti adikire tsiku limodzi asanakanene kwa akuluakulu a zaumoyo. Dzina sanalitchule.

Makwinja sanafunikire kulimva. Anatumiza galimoto kukatenga Ipyana pasiwa, ndipo atafika naye kupolisi anayamba wamupatsa madzi akumwa.

"A Mwakalinga, munati munaona mng'ono wanu ataima m'madzi, ali moyo."

"Eya, bwana. Tinalonjerana."

Makwinja anapinda buluku n'kuika mwendo pampando. "Ine ndinangolowamo pang'ono, taonani. Mng'ono wanu alibe bala. Misundu inamukana chifukwa analowa m'madzimo atazizira kale. Ndipo amene anamuvula nsapato n'kumupinda buluku ndi munthu wokulira m'munda wa mpunga, amene manja ake anangochita zimene anazolowera."

Ipyana anayang'ana kapu ya madzi ija osaigwira. Makwinja sanamufulumizitse. Anangowonjezera kuti apolisi ali kale kunyumba yosungiramo usipa wake, ndipo akaona pansi ndi m'ngolo yake, imene mwina ndiyo inanyamula mtembo kupita kumunda.

Ipyana atayamba kulankhula, analankhula modekha. Ambokile anabwera kunyumba ya usipayo Lolemba madzulo kudzamuuza kuti akadzipereke yekha, apo ayi mawa lake akanena. Ipyana anamuchonderera. Anamukumbutsa kuti ku Dar es Salaam ndi iye amene anamudikirira, akugona pansi pa bedi, ndiponso kuti magazi amene anamuwonjezera pa opaleshoni anali ake. Ambokile analira, koma anati mtsikana uja nayenso anali ndi abale. Ambokile atatembenuka kuti azipita, Ipyana anamukankha, ndipo anagwa n'kumenyetsa nkhongo pa sikelo yoyezera usipa.

"Sanafe pompo," anatero Makwinja.

"Ayi, bwana."

"Ndipo inu mumadziwa kuposa aliyense chimene bala la m'mutu limachita kwa munthu womwa mankhwala amenewo. Chipatala sichili kutali."

"Ndimadziwa." Ipyana anapukuta kumaso. "Kachitsulo kamene anamuika mumtima kamamveka, bwana, ngati wotchi yapamkono. Ku Dar ndinkagona pokhapokha ndikakamva. Lolemba ndinakhala pambali pake, ndikumvetsera, mpaka kanasiya."

Makwinja anamufunsa ngati sanamve chisoni poona mlamu wake akuthamangitsidwa pasiwa. Ipyana anayankha kuti anaganiza kuti mkazi wobwera ali ndi kwawo kobwerera, pamene iye kwawo n'komweko. Pa zonse zimene anamva tsikulo, mawu amenewa ndi amene anamunyansa Makwinja.

Lachinayi Makwinja anamutenga yekha Madalo pa galimoto ya polisi mpaka pasiwa. Anthu atawaona, nyimbo inazima. Makwinja sankakonda kulankhula pagulu, koma anavula chipewa, napempha mkulu wa mpingo kuti azimasulira m'Chinkhonde, kuti pasapezeke wonena kuti Chichewa chinamudutsa. Ananena zonse mwachidule, akuyang'ana kumene kunakhala ana.

Palibe amene anapepesa. Amayi amene anathamangitsa Madalo aja anangosendera, n'kusiya malo pafupi ndi bokosi. Madalo anagwada pamenepo. Wezzie, mwana wamkulu, anaima kaye chapatali akuyang'ana wapolisiyo, ngati akufuna amvenso kachiwiri. Makwinja anagwedeza mutu movomereza. Mtsikanayo anagwira dzanja la mng'ono wake, nadutsa pakati pa anthu, n'kukakhala pambali pa mayi awo.