Mikwingwirima ya Isabella

Isabella ankaanula zovala pachingwe dzuwa likulowa pamene kuyabwa kuja kunamuyambanso. Kunayambira m'khosi n'kutsikira kumsana, thupi lonse kunyerenyetsa ngati wagwera m'chitedze. Chinali chaka chachiwiri akuzunzika chonchi. Khungu linkatupa mizeremizere, iye n'kumadzikanda ndi chitsononkho mpaka magazi, tulo osabwera. Pofika masana zonse zinkafota. Kuchipatala anati ndi ziwengo zokhalitsa, zosapatsirana, n'kumupatsa mapiritsi amene ankamuwodzeretsa m'kalasi ana akumuseka.

Anali mphunzitsi wa ku Dedza, wokwatiwa m'chigwa cha Henga. Chifukwa cha manyazi ankavala malaya aatali manja ngakhale mu Okutobala, ndipo kumtsinje ankasamba yekha. Amene ankadziwa za matendawa ndi mwamuna wake yekha, Hezron, woteteza nyama zakutchire ku Thazima. Isabella akanabwerera kwawo kalekale, koma akanamusiya bwanji Kezia, mwana wake wa zaka zinayi? Kuno ng'ombe za lobola zikangoperekedwa, mwana ndi wa kuchimuna, nkhani yatha.

Chaka chimenecho mudzi unanunkha maliro. Loyamba kumwalira linali khanda, kenako bambo wamphamvu zake anangogwa m'chigafa akusoka fodya. Agalu ankalira moyang'ana kumanda, ndipo m'mawa kunkamveka fungo la nyama yowauka pomwe palibe amene wapha kanthu. Anthu anaitana sing'anga. Mkuluyo anakwirira nyanga m'njira zonse zolowa m'mudzi, nati, "Wotamba aliyense akadumpha apa, chikoti chosaoneka chimukwapula. Mudzamudziwa ndi mikwingwirima."

Isabella atamva, anakumbukira mizere ya kumsana kwake. Sabata isanathe, nkhalamba ina inapezeka itauma pamphasa. Mamawa ake amuna anatseka njira, akazi onse n'kusonkhanitsidwa kuseri kwa chigafa kuti aonetse misana.

"Ndichedwa kusukulu, amayi," Isabella anauza apongozi ake.

"Vulani, amake Kezia. Tonse tavula."

Isabella anavula. Msana wonse unali mizere yotupa, yopingasana, ina ikuchucha magazi. Akazi anabwerera m'mbuyo, wina n'kulavula pansi.

"Ndi matenda, anthuni. Funsani bambo ake a Kezia."

Hezron anaitanidwa, nafika pa njinga yamoto. Amalume ake anamufunsa pagulu. "Zimenezi unkaziona?"

"Eya, ndi zakale. Anayamba kudwala asing'anga asanabwere."

"Zimatuluka nthawi yanji?"

Hezron, mwana wa mkulu wa mpingo, sankatha kunama ngakhale pomwe bodza likanapulumutsa munthu. Anayang'ana pansi. "Usiku."

"Nanga masana?"

"Zimasowa."

"Yewo," anathokoza amalumewo. "Watiuza wekha."

Mantha ndi oipa, anthu inu. Omwe dzulo ankamutcha aphunzitsi ndi amene anamuponyera chikwama panja, ena atatola kale miyala. Isabella sanapemphe mbale kapena bulangete. Anagwada pamaso pa apongozi ake.

"Ndipatseni mwana yekha. Sindidzapondanso kuno."

"Kuti mukamuphunzitse kutamba? Mwana ndi wathu."

Anamukweza galimoto ya matola dzuwa lili pamutu. Apo n'kuti mizere ija itafota, khungu lili see, osaoneka kanthu. Galimoto itanyamuka anacheuka akulira, kuti amuone Kezia komaliza.

Mwanayo sankayang'ana kumsewu. Agogo ake anali atamugwira dzanja, atamukweza diresi mpaka m'khosi, akumuyang'anitsitsa msana. Akazi ena aja ankasendera pafupi.