Orla ndi Mawu Oti Espera

Orla anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Iye anabadwira ku Ireland. Ankayankhula Chingerezi chokha.

Tsopano ankakhala ku Cádiz, kwawo kwa bambo ake. Kumeneko anthu amayankhula Chisipanishi. Orla ankaphunzira pang'onopang'ono.

Koma panali mawu ena amene Orla ankadana nawo. Mawuwo anali oti espera.

Akafuna kuwoloka msewu, bambo ankati, "Espera!"

Akafuna kudya buledi wotentha, azakhali ake a Reme ankati, "Espera!"

"Espera ndiye kuti dikira," anatero bambo.

"Ndikudziwa," anayankha Orla. "Ndi mawu oipa. Ine sindikonda kudikira."

Mayi a Orla anali oyembekezera. Mimba yawo inali ngati chivwende. Orla ankafuna kumuona msanga mwanayo.

Tsiku lina m'mawa, mayi anagwira pamimba. Anaitana bambo.

"Ramiro, tiyeni kuchipatala."

Nthawi ya mwana inali isanakwane. Bambo anathamanga kukatenga galimoto. Mayi anapsompsona Orla pamphumi. Kenako anapita.

Orla anatsala ndi azakhali a Reme. Iwo ankagulitsa nsomba kumsika. Masiku onse ankaimba. Masiku onse ankaseka ndi ogula. Koma tsikulo sanaimbe.

Masana foni inalira. Anali bambo. Azakhali anamvetsera. Misozi inalengeza m'maso mwawo.

"Mwana wabadwa," anauza Orla. "Ndi wamwamuna. Koma ndi wamng'ono kwambiri. Madokotala akumuthandiza kupuma."

"Tiyeni tikamuone!"

"Sakulola ana kulowa, mwanawe."

Azakhali anakhala pampando. Anagwira pachifuwa. "Espero," ananong'ona. "Espero, espero."

Orla anawamva mawuwo. Ankafanana ndi espera. Anakwiya. Anaponda pansi mwamphamvu.

"Azakhali, mukungodikira? Mwana akudwala, inu mukungodikira?"

Azakhali anapukuta manja. Anamukokera pafupi. Chingerezi chawo chinali chochepa. Anayankhula pang'onopang'ono.

"Iwe waphuma, tamvera. Espero ndiye kuti ndikudikira. Zimenezo n'zoona. Ndikaima podikira basi, ndimati espero."

"Ndiye bwanji?"

"Koma ndimatinso espero mtima ukamafuna zabwino. Pamenepo ndiye kuti ndili ndi chiyembekezo. Ndikuti mwana achira. Ndikuti abwera kunyumba."

Orla anaganiza. "Mawu omwewo?"

"Omwewo. Ngakhale mayi akakhala ndi mwana m'mimba, timati espera. Akuyembekezera."

"Mawu omwewo, ntchito zitatu?"

"Ngati ine," anatero azakhali. "Ndimagulitsa nsomba. Ndimaphika. Ndimalera kamwana kovuta aka."

Orla anaseka pang'ono. Azakhali anasekanso.

Kenako Orla anapempha foni. "Ndikufuna kumuyankhula mwanayo."

"Sakudziwa Chingerezi," anatero azakhali. "Chisipanishinso sakuchidziwa. Akukuposa umbuli."

"Amva basi," anatero Orla.

Azakhali anadina foni. Orla anaiyandikiza pakamwa.

"Iwe mwana, ndine Orla. Ndine mlongo wako. Espero. Ndikukudikira. Espero. Ndikudziwa kuti uchira."

Azakhali anatumiza mawuwo kwa bambo. Bambo anayankha msanga. Anati ayika foni pafupi ndi mwana. Anati mayi amvanso. Anati mwana wagwedeza kaphazi.

Tsiku lotsatira, Orla anatumizanso mawu. Anamuuza mwana za nsomba. Tsiku linanso anamuuza za nyanja. Anamuimbira nyimbo. Anamuuza kuti azakhali amaimba ngati bakha.

"Ndakumva, iwe!" anakuwa azakhali.

Masiku anapita. Anali masiku ambiri. Nthawi zina Orla ankalira. Ankawasowa mayi ake. Koma m'mawa uliwonse ankapempha foni.

Tsiku lina bambo anafika kumsika. Ankamwetulira.

"Orla, vala nsapato bwino. Mwana akupuma yekha. Anamwino akuti ubwere."

Orla anadumpha. Azakhali anatseka malonda. Onse atatu anakwera galimoto.

Kuchipatala Orla anasamba m'manja. Anasamba ndi sopo wambiri. Analowa mwakachetechete.

Mayi anali pampando. Anamukumbatira Orla mwamphamvu. Pambali pawo panali kabedi kagalasi. M'kabedimo munali mwana. Anali ndi kachipewa kachikasu.

"Dzina lake ndi Eloy," anatero mayi.

Kabediko kanali ndi kazenera. Orla analowetsa dzanja. Anakhudza kadzanja ka Eloy. Eloy anagwira chala chake. Anachigwira zolimba.

"Bambo, sakundisiya!"

"Wawadziwa mawu ako," anatero bambo.

Orla anayang'ana mwanayo. Anayang'ananso bambo.

"Kodi mlongo wamwamuna mumati chiyani m'Chisipanishi?"

"Timati hermano."

Orla anawerama. Anayandikira kazenera.

"Hermano," ananong'ona.

Eloy anatsegula diso limodzi. Anakwinya kamphuno. Kenako anayetsemula.

"Wandiyankha!" anatero Orla.

Mayi anaseka. Bambo anaseka. Azakhali anaseka mpaka anamwino anawauza kuti atsitse mawu.

Orla anakhala pomwepo. Chala chake chinali m'dzanja la mlongo wake.