Makiyi a Shopu ya ku Kabwata

Bambo ake atamwalira, Oswell Mbewe anatsala ndi shopu yopanga mipando ku Kabwata, yomwe inayambitsidwa ndi agogo ake. Denga linkadontha, ogula kunalibe. Mnzake amene anaphunzira naye ukalipentala anali atamanga kale nyumba ku Kabulonga, ndipo akamadutsa pa galimoto, Oswell ankabisala kuseri kwa matabwa.

Tsiku lina anapita kwa sing'anga wina ku Kaunda Square.

"Ikani makiyi a shopu apa," anatero sing'angayo. Anawapaka mafuta akuda n'kumubwezera. "Muzalemela, ba Oswell. Koma makiyi aya ni anu mweka. Wamagazi anu akatsegulila chitseko, ni wanga."

"Nanga nikakalamba?"

"Mwabwelela ukalamba olo chuma?"

Ana ake awiri, Clive ndi Abby, anali asanayambe n'komwe sukulu. Oswell anavomera.

Masukulu ndi matchalitchi anayamba kupereka maoda a mipando. Shopu inakula, banja linasamukira ku Woodlands. Koma ana atakula, Oswell sankawalola kuponda ku shopu, ndipo ngakhale mkazi wake Christine sanamuuze chifukwa.

"Atate, imwe anakuphunzitsani atate anu," anatero Clive atamaliza koleji. "Ine nalakwa chani?"

"Kafune nchito kwina," anayankha Oswell, maso ali pansi.

Pofuna kuthana ndi makiyi aja, Oswell anasintha maloko, koma m'mawa mwake makiyi atsopano anakana, akale aja n'kutsegula. Anabwerera ku Kaunda Square, anthu anamuuza kuti sing'angayo anamwalira kalekale.

Kenako Oswell anagwa ndi sitiroko. Manja anauma, lilime linalemera. Antchito ankadikira panja pa shopu yokhoma. Christine anapisa m'thumba la thalauza la mwamuna wake, n'kupereka makiyi kwa Clive iye akuona. Oswell anabuula, akupukusa mutu.

"Osadandaula," anatero Christine. "Mwana wakula."

Sabata isanathe, antchito anapeza Clive atakhala pansi, akutafuna utuchi, dzina lake lomwe osalidziwa. Anamugoneka kuchipatala cha amisala.

Abby anabwera n'kugwada pambali pa bedi, makiyi ali m'manja.

"Atate, shopu ya makolo siizafa. Nizatsegula ine."

Misozi inatsika m'masaya mwa Oswell. Abby anamupukuta ndi chitenje, akuyesa ndi misozi yothokoza. Oswell anamva geti likutsekeka.

Mwezi womwewo mulu wa matabwa unamugwera Abby, nafera pomwepo. Anthu anamutengera Oswell kumanda pa njinga ya olumala. Shopu inagulitsidwa, nyumba ya ku Woodlands nayonso. Lero ali m'chipinda cha lendi ku Chelstone, Christine akumudyetsa phala ndi supuni, akumufunsa tsiku lililonse kuti banja lawo linalakwa chiyani.

Dyera limakulonjeza kuti udzalipira wekha, koma amalipira ndi ana ako. Chuma chimene sungasiyire mwana wako usachifune.