Wodyetsa a Gondwe Usiku

Mbale ija Catherine anaisiya madzulo ili yodzaza phala, koma m'mawa anaipeza yotsuka, yovundikira bwinobwino pampando wa pafupi ndi bedi. Galu satsuka mbale, khoswenso ayi. Ndipo m'nyumba ya ku Mhuju ija munkakhala anthu awiri basi, iye ndi amuna ake a Willie Gondwe, mphunzitsi wopuma amene matenda oiwala anali atawasokoneza mutu.

Matenda amenewa ndi ankhanza, ndikuuzeni. Anayamba n'kuwalanda Chingerezi chomwe ankanyadira nacho kutchalitchi, kenako Chichewa chomwe anamufunsira nacho Catherine, mtsikana wa ku Dedza, atangobwera kudzagwira ntchito ku Rumphi Boma. Chinatsala n'Chitumbuka chokha, chikhalirecho Chitumbuka chinamukana Catherine kuyambira kalekale. Mpaka ukalamba wake anthu ankamusekabe pamsika kuti lilime lake n'lolemera.

Tsopano akagwada ndi supuni m'manja, a Gondwe ankamuyang'ana mwaulemu wonse n'kumufunsa kuti, "Ndimwe njani, mama?" Akayankha kuti ndine mkazi wanu, iwo ankatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Chakudya cha mlendo sankachikhudza. Nthiti zinali zitayamba kuwerengeka, ndipo dokotala anali atanena mosapsatira kuti akapitiriza kukana kudya, mvula ya chaka chimenecho sadzaiona.

M'mawa wotsatira mbale inali yotsukanso. Tsiku lina anawapeza atametedwa ndevu, zikhadabo zitawengedwa, thupi likununkhira sopo, anthu oti masana ukangowaonetsa beseni ankalira ngati mwana. Catherine anachita mantha, koma tinene zoona, nsanje nayo inamugwira.

Ndiye panabwera usiku wina wopanda mwezi, mdima woti dzanja lako lomwe osaliona. Mphepo yozizira yochokera ku Nyika inkagwedeza malata, n'kuleka, n'kuyambanso. Catherine ankagona m'chipinda china, ndipo anadzimva ali pakati pa tulo ndi maso, thupi lili lolemera, losafuna kudzuka. Chitseko chakumaso chinalira pang'onopang'ono. Kenako panamveka mapazi opanda nsapato pasimenti, ndi mawu a mzimayi, otsika kwambiri.

"Odi."

"Odini," a Gondwe anayankha mokondwa. "Mwiza, NyaMhango?" Ndiko kuti, mwabwera?

NyaMhango anali Rahab, mkazi wawo woyamba, amene anamwalira Catherine asanaponde n'komwe ku Rumphi. Mawu aja anayamba kunong'ona Chitumbuka chosalala, chonyengerera, supuni ikugunda mbale kho, kho, kho. A Gondwe anaseka, kuseka kumene Catherine anali atakusowa zaka zambiri. Analira chamumtima mpaka tulo tinamutenga.

Mbiri siigona. Dinah wa nyumba yoyandikana nawo anamukokera kuseri kwa khitchini n'kumuuza chapansipansi kuti anthu akumaona mzimayi atavala za Umanyano, bulauzi yoyera ndi duku loyera za amayi a kutchalitchi, akutunga madzi pamjigo pakati pa usiku. Akuluakulu anali atakumbukira kale kuti Rahab anaikidwa atavala zomwezo. Ena ankati wabwera kudzatenga mwamuna wake, ena ankati Mchewayo walephera ntchito ndiye mwini wake wadzuka. Alendo anasiya kubwera pakhomopo, ngakhale ogulitsa nthochi ankalambalala.

Catherine anaimbira foni mwana wawo Wezi, amene ankaphunzitsa ku Boma, kuti abwere adzachezere naye. Anagwirizana kuti akhale maso onse awiri, koma Catherine sanadziwe nthawi imene anagona. Atadzuka kunali kutacha, Wezi atakhala kumiyendo kwa bedi, maso ali otupa.

"Ndamuona, amama," anatero Wezi monong'ona.

"Ndi Rahab?"

"Ndinu."

Catherine anangoti kukamwa yasa. Wezi anafotokoza pang'onopang'ono, akupukuta misozi ndi chitenje. Anati anawaona akudzuka maso ali chitsegulire, n'kuvala zovala zawo za Umanyano, n'kutulukira khomo lakuseri ndi ndowa. Pobwera analowera lakumaso, n'kuodira m'nyumba mwawo momwe ngati mlendo. Anawaitana kangapo, koma sanacheuke.

"Usandinamize, mwana iwe. Chitumbuka chimene chija, ine?"

"Chomwecho, amama, chakale chomene. Mawu ena ngakhale ine sindiwadziwa."

Catherine anavundukula bulangete. Kumapazi kwake kunali matope ouma a kumjigo. Anayesa kukumbukira ngakhale kuzizira kwa madzi kokha, koma m'mutu munalibe kanthu, ndipo apa ndi pamene mantha enieni anamulowa m'mafupa. Kaya anali matenda omwe aja akuyamba kumugwira iyenso, kaya wina ankabwereka thupi lake, palibe chimene chinali chabwino.

Wezi anayamba kukamba zopita kuchipatala, zoitana abusa, zogula loko kuti usiku aziwatsekera. Catherine sankamva. Khutu lake linali kuchipinda kwa amuna ake, kumene kunkamveka kanyimbo ka m'tchalitchi kong'ung'udza, ka munthu wokhuta.

"Adya?" anafunsa.

"Adya phala lonse, mpaka kupempha lina."

"Ndiye loko usagule. Ukandionanso ndikudzuka, usandiitane dzina."

"Nanga inu, amama? Mukadzapita chipitire, osabwereranso?"

Catherine anayamba kukanda matope a chala chachikulu.

"Ine bambo ako anandiiwala kale," anatero. "Amene akumufunayo muleke azibwera."

Madzulo a tsiku limenelo anachapa bulauzi yoyera ija, naisita yekha ndi simbi yamakala, n'kuipachika pamsomali pamene dzanja lingaipeze mumdima. Kenako anakagona msanga.