Mawaya a m'denga la tchalitchi cha Chamwala

Loweruka m'mawa, mu Disembala 1986, Roza Kachale anadina swichi ya pakhomo la tchalitchi cha Chamwala, m'mapiri a ku Ntchisi. Getsi silinayake.

Getsilo linali ndi maswichi awiri, ina pakhomo, ina kuguwa. Sabata yomweyo akulu a mpingo anali atapatsa ganyu Kalisto Mwale wa pa Malomo kuti aike kuguwa swichi yopotokola, yochepetsa kuwala, ya sewero la Khirisimasi. Mkulu wina atakwera kudenga anapeza mawaya awiri olumikiza maswichiwo, wofiira ndi wachikasu, atazulidwa.

"Ine ndinasiya zonse zili bwinobwino," anatero Kalisto, osaphethira n'komwe. "Funsani wosunga kiyi."

Wosunga kiyi anali Roza, mayi wamasiye wosesa m'tchalitchimo. Akuluwo, omwe nkhani ya denga lodontha imawatengera chaka, iyi anaigamula tsiku lomwelo: mawaya akapanda kupezeka, Roza adulidwa mumpingo, ndipo ukwati wa mwana wake sudalitsidwa. Mayiyo analira ndi manyazi.

Lolemba kunabwera wapolisi, Sajeni Vinsenti Kamphinda, pa njinga.

"Mayi, makwerero mumakwera?"

"Ndi mwendo uwu, bwana?" Roza anaonetsa bondo lotupa.

Sajeni anapita kuguwa n'kupotokola swichi yatsopano ija. Getsi linayaka.

"Wakuba waulemu uyu," anatero. "Wazula mawaya, kenako n'kukulumikizirani getsi kuti lisazime. Ntchito imeneyi si ya tsache."

Masana anafika pa Malomo. Kalisto kunalibe. Mkazi wake, Felista, ankayanika zovala pa waya wofiira wochokera pa mtengo wa mango kukafika pa nkhokwe. Wachikasu anali m'munsi mwake, atadzaza matewera.

"Chingwe chabwino, mayi."

"Sichichita dzimbiri," anayankha monyadira. "Anabwera nacho abambo Lachitatu. Akuti n'chotsala ku ntchito."

Sajeni anamupeza Kalisto pa bawo, kuseri kwa golosale. Pobwerera ku Chamwala Kalisto anasenza yekha mawayawo, unyolo uli m'manja. Atawatambasula m'tchalitchi, anayambira pakhomo n'kuthera kuguwa ndendende.

"Ndimati swichi imodzi ikukwanirani," ananong'ona Kalisto.

Khoti linam'patsa chaka ndi theka, akugwira ntchito ya kalavulagaga. Akulu a mpingo sanapepese.

Mawaya atabwezedwa kudenga, ukwati wa mwana wa Roza unachitika mu Januwale, dzuwa lili paliwombo. Polowa, Roza anaima pakhomo, nayang'ana akuluwo mmodzimmodzi, n'kuyatsa getsi.