Tsiku la Mphepo, Tsiku la Nyumba

Nsalu imene inasokoneza banja la Vailet inachokera pa kaunjika wa pamsika wa Kaluluma. Iye anaigula kuti aziyala patebulo. Amuna ake, a Cornelius, anaichotsa patebulopo n'kuikhomera pakhoma.

Pakati pa nsaluyo panali nkhope yotulutsa lilime, ndipo mozungulira munali tizithunzi makumi awiri: ng'ona, mphepo, nyumba, buluzi, njoka, chigaza cha munthu ndi tina totero. A Cornelius atafufuza pafoni anapeza kuti imeneyi inali kalendala ya Aaziteki, anthu akale a ku Mexico, ndipo kachithunzi kalikonse kanali tsiku lokhala ndi khalidwe lakelake. Basi, mutu unazungulira. Munthu wamkulu ndithu, woimba kwaya kutchalitchi, ankati akadzuka n'kuyamba walozaloza pansalu asanasukusule n'komwe. Tsiku la Buluzi ankagwira ntchito ngati mnyamata. Tsiku la Imfa ankangokhala pakhonde, ati kukumbukira makolo, uku mbuzi zikudya chimanga m'nkhokwe.

Vailet anapirira mpaka nyengo yotsitsa fodya. Fodya wouma sagwiridwa dzuwa likuswa mtengo, amangofumbutuka m'manja. Amadikira usiku wa chinyezi kuti masamba afewe. Koma masiku onsewo mwera unkangoomba, fodya ali gwa m'chigafa, pamene jeke ya kalabu ya alimi yodindira mabelo inali kubwera pakhomo pawo m'mawa mwake. Ikanawadutsa, thukuta la chaka chonse likanatsala m'chigafa, anzawo akupita ku okushoni.

Madzulo amenewo mphepo inaleka. Nkhungu inatsika kuchokera kudambo.

"Bambo a Chiyamiko, fodya wafewa. Tiyeni," anatero Vailet.

A Cornelius anayang'ana pakhoma. "Lero ndi tsiku la Mphepo. Tsiku limeneli munthu sagwira ntchito ndi mnzake."

"Mphepo yake iti? Tatulukani muone ngati pali tsamba likugwedezeka. Kodi a ku Mexico anuwo anabwera kudzatithandiza kuthirira nazale?"

"Mayi a Chiyamiko, zinthu izi simuzidziwa."

Apa ndiye Vailet zinamukwana. Anakanganula nsaluyo pakhoma, anaikulunga ndi bulangete n'kuponya panja. "Kagoneni nayo kukhitchini. Muno simulowa mpaka fodya atatsika."

Anatenga tochi n'kupita yekha.

Ntchito yotsitsa fodya ndi ya anthu awiri. Wina amakwera pamwamba n'kumapatsira mikangala imene fodya wapachikidwapo, wina amalandira pansi n'kumasanja. Vailet ankakwera yekha, kutsika yekha, kukweranso, uku akung'ung'udza. Msana unayamba kuyaka moto. Tochi nayo inayamba kufiira. Anakhala pansi mtima ukuwira, misozi ya ukali ili pafupi.

Pamwamba panamveka tswatswa. Mkangala wodzaza fodya unatsika pang'onopang'ono n'kuima patsogolo pa nkhope yake.

Anakweza maso. Mu mdimamo anangoona mapazi awiri opanda nsapato ataponda pamtengo wopingasa.

"Oho, mwabwera? Nsalu yakulolani?"

Vailet analandira mkangalawo, winanso unabwera.

Ndiye anawamasulira zonse zimene anasunga kukhosi. Za mbuzi, za chimanga, za manyazi amene ankamva azimayi anzake akamufunsa pachigayo kuti lero ndi tsiku la nyama yanji. Pamwamba panali zii, koma manja ankathamanga. Mitengo ya chigafa, imene inkalira a Cornelius akangopondapo, usiku umenewo siinalire. Galu wawo anagona patali, mchira m'miyendo, osafuna kuyandikira. Nthawi ina zala zawo zinakhudzana, ndipo za mnzakeyo zinali zozizira ngati mwala wa pachitsime. Vailet anazimva zonsezi, koma fodya ankatsika, ndipo chimene ankafuna n'chomwecho.

Tambala asanalire, chigafa chinali mbee. Fodya yense anali pansi, wofewa, wosanjika bwino. Mtima wa Vailet unatsika.

"Lero mwagwira ntchito ngati munthu," anatero akupukuta manja pachitenje. "Ndakhululuka. Mawa mudzagone m'nyumba."

"Zikomo, mayi," anayankha mawu apansipansi.

Sanali mawu a a Cornelius. Anali a munthu wa kummwera.

Vailet analoza tochi pamwamba. Panali mitengo yokhayokha.

Mmene anafikira kukhitchini sakumbuka. Chitseko chinali chotsekera m'kati ndi mtondo. Atachikankha anapeza a Cornelius akuliza mkonono, nsalu ija atafunda kumutu, mapazi ali ouma opanda ndi mame omwe.

Jeke inabwera, mabelo anadindidwa, ndipo amuna a kalabu anayamikira a Cornelius kuti ndi akatswiri posanja fodya. Azimayi oyandikana nawo, atamva kwa Vailet zimene zinachitika usikuwo, anayamba kunong'onezana. Ati kale, malowa ali esiteti, panali tenanti wina dzina lake Lazaro, wochokera kutali kummwera, amene anagwa kuchokera pamwamba pa chigafa potsitsa fodya n'kufera pomwepo. Anamuika kuseri kwa mabulugamu popanda m'bale ndi mmodzi yemwe. Moyo wake wonse kuno ankagona m'chisakasa cha udzu, ndipo palibe amene anamuitanirapo m'nyumba.

Dzuwa litalowa, Vailet anatseka chitseko, anaikapo mpiringidzo, anakankhirapo ndi tebulo. Nsalu ija inali pampando, yopindapinda. Anaiyang'ana nthawi yaitali, akudzida yekha chifukwa cha funso limene linali pakamwa pake.

"Bambo a Chiyamiko, lero ndi tsiku lanji?"

A Cornelius anafunyulula nsaluyo. "La Nyumba. Tsiku loti onse a pakhomo akhale pamodzi m'kati."

"Mukanangokwera pachigafa paja inu," anatero Vailet mano ali chilumire. "Kungokwera basi."

Panja galu analira kamodzi n'kuthawira kudambo. Pakhonde panamveka munthu akupukuta mapazi bwinobwino, mwaulemu, monga amachitira mlendo amene waitanidwa.

"Odi, mayi," anatero mawu aja. "Paja munati lero ndigone m'nyumba."