Dzinali Lili ndi Mwini Wake

Ine za mizimu sindizikonda, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti ndine wamakani. Koma izi ndinaziona ndi maso angawa, masanasana dzuwa likuswa mtengo, mu ofesi yathu ya pamwamba pa sitolo ya matayala. Abwana athu analipo. Mukawafunsa lero amangoti makina amalakwitsa, kenako n'kusintha nkhani, koma sananenepo kuti ndikunama.

Ntchito yathu ndi yopanga mawebusaiti. Nthawi imeneyo tinkapanga ya ana, yoti aziwerengapo tinkhani ndi kuphunzira masamu. Mwana aliyense amasankha dzina lolowera, n'kulembanso nambala ya foni ya kholo lake. Akalemba dzinalo, kompyuta imakafunsa ku nkhokwe ya mayina ngati wina analitenga kale. Ngati palibe, pamatuluka mawu obiriwira akuti, "Dzinali mukhoza kulitenga." Ngati alipo, pamatuluka ofiira akuti, "Dzinali lili ndi mwini wake." Basi. Ndi kantchito koti ngakhale wophunzira kumene amakamaliza tiyi asanazizire.

Amene ankakayesa kantchitoka anali mnzanga wa tebulo loyandikana ndi langa. Tinkamutcha Phee, chifukwa mayi ameneyu akhoza kutha tsiku lonse osatsegula pakamwa kupatula poyasamula. Anali woyembekezera, mimba itakula moti mpando ankauika patali ndi tebulo. Tonse tinkadziwa kuti mwana wake woyamba anabadwa osalira zaka zingapo m'mbuyomo. Nkhaniyo palibe ankaiputa.

Poyesa zoterezi, ambirife timangomenya mabatani chisawawa, kapena kulemba dzina la galu wa kunyumba. Ine ndimalemba lija ndimatchulira apongozi anga akakhala kulibe. Tsiku limenelo dzina lililonse likanabiriwira, chifukwa nkhokweyo ndinaisesa ndekha m'mawa, munalibe ngakhale dzina limodzi. Webusaitiyonso inali isanatulutsidwe. Kunja kwa chipinda chathu palibe akanaifikira.

Nthawi ya chakudya itayandikira, Phee anandikodola pamkono.

"Asisi, taonani apa."

Mawu ofiira. Pamwamba pake panali dzina limene analemba. Sindilitchula, si langa. Linali dzina lokoma, lalifupi, loti ndinali ndisanalimvepo kwa munthu aliyense.

Ndinaseka, n'kumunena kuti mimba yamusokonezera mutu, waononga zinthu. Ndinalemba la apongozi anga, linabiriwira. Ndinalemba la galu, linabiriwira. Ndinalemba lakelo pa kompyuta yanga, linafiira. Ndinatsegula nkhokwe kuti ndimuone mwini wakeyo, ndinapeza muli mbee monga ndinasiyira m'mawa.

Apa ndinaitana abwana. Iwo anabwera akutafuna, n'kunena kuti ife akazi awirife tingasokoneze ngakhale wotchi ya pakhoma. Anakhala pa mpando wanga n'kuifunsa nkhokweyo mwachindunji, osadzera pa webusaiti. Muli anthu angati onse pamodzi? Inati mulibe. Nanga a dzina ili ndi angati? Inati mmodzi. Ndionetse. Sinaonetse kanthu. Anafunsanso. Mmodzi.

Anavula magalasi. Analeka kutafuna.

Ofesi yathu imanunkha mphira chaka chonse chifukwa cha matayala a pansi paja, mpaka zovala timapita nazo kunyumba zikununkha choncho. Koma nthawi imeneyo fungo la mphira linachoka. Kunabwera lina. Mafuta odzoza makanda, ndi kafungo ka mkaka umene khanda labweza paphewa. Ndinayang'ana abwana, ndinaona mphuno zawo zikugwedera. Nawonso analimva.

Makina opopera matayala anali atazima. Kunatsala fani yokha. Ndiye pansi pa tebulo la Phee, pamene pamadutsa mawaya, panamveka kupuma. Kochepa. Kofulumira, ngati kamphuno kotsekeka ndi chimfine.

Palibe anawerama kuti aone.

Phee anayamba kulankhula, maso ali pa mawu ofiira aja, ndi mawu wamba omwe amaitanira minibasi. Anati dzinalo linali la mwana woyamba uja. Analisankha awiri ndi mwamuna wake ali pabedi, osauza munthu, ndipo mwanayo atapita silinalembedwe paliponse, ngakhale pamanda. Tsopano mwamunayo ankafuna kuti alipereke kwa wam'mimbayu, ati dzina labwino silingangotayika. Iye anali asanavomere, asanakanenso. Anangofuna kuliona litalembedwa kamodzi kokha, aone ngati mtima ungapirire.

Abwana anati tonse tipite tikadye, azikonza madzulo. Phee sanadzuke. Pansi pa mawu ofiirawo pamakhala kabatani kolembedwa kuti "Ndaiwala pasiwedi." Ndinaona dzanja lake likupita pamenepo.

"Musatero," ndinatero chapansipansi.

Anadina.

Kompyuta inalemba kuti, "Tatumiza uthenga kwa kholo."

Fani inkazungulira. Kenako m'chikwama cha Phee, chimene chinali pa zenera, foni inanjenjemera.

Anadzuka pang'onopang'ono atagwira msana, anaitulutsa, anawerenga, n'kundipatsa. Uthengawo unati, "Mwana wanu waiwala pasiwedi yake. Chonde muthandizeni." Mawu amenewo ndinawalemba ndine sabata yapitayo, oti azipita kwa makolo. Koma nambala ya Phee palibe anailowetsapo. Ailowetse pati, m'nkhokwe yopanda kanthu?

Sanalire. Ndikanakonda akanalira. Anabweza foni m'chikwama, n'kukhala pansi, n'kumaliza tiyi wake wozizira. Kwa ine mantha enieni sanabwere tsiku limenelo. Ndinkangoona ngati zikuchitikira anthu ena.

Abwana anafafaniza zonse, n'kuyambiranso pa makina ena atsopano. Dzinalo linafiirabe. Anatopa nazo, anati zisiyeni, bola ena onse akulowa. Ine ndiye chinasanduka chizolowezi. M'mawa uliwonse ndisanavule juzi ndinkalilemba, lifiire, ndiyambe ntchito.

Phee anakamuuza mwamuna wake kuti dzinalo ayi, lili ndi mwini wake. Bamboyo anapsa mtima. Anati iye sangauzidwe zochita ndi kompyuta, komanso anali atawauza kale mayi ake, ndipo iwo anali atalisokerera pa kabulangete. Phee pondifotokozera anangoti, "Ndatopa, asisi." Sanaitchulenso nkhaniyo mpaka anapita kutchuthi.

Tsiku lina m'mawa uthenga unafika pa foni zathu tonse kuchokera kwa mwamunayo. Phee wachira, mwana wamkazi, onse ali bwino. Pansi pa chithunzi analemba dzina lija ndi zilembo zikuluzikulu. Anzathu anayamba kusonkherana za mphatso. Ine ndinatembenukira ku kompyuta n'kulilemba.

Linabiriwira.

"Dzinali mukhoza kulitenga."

Ndinalembanso. Linabiriwira. Ndinaitana abwana, anayang'ana, anabwerera ku mpando wawo. Mu ofesi munkanunkha mphira basi.

Ndinapita kukamuona patatha masiku ochepa, nditatsimikiza kuti sindimuuza. Ndinamupeza pabalaza, makatani otseka, akuyamwitsa. Mwanayo anali wonenepa bwino, tsitsi lambiri, atakulungidwa m'kabulangete kaja. Ndinayamikira, ndinaseka kuti mphuno watengera bambo ake, tsoka lake. Phee sanaseke.

"Labiriwira eti?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ndinadziwa," anatero.

Nthawi yomweyo mwamuna wake anatulukira pakhomo la kukhitchini atanyamula makapu, nkhope ili mwee, n'kuitana dzina lija mosangalala. Khanda la masiku ochepa silidziwa dzina, aliyense amene analerapo akudziwa zimenezi. Koma ili linasiya bere. Linatembenuza mutu n'kuyang'ana bambo ake, phee, ngati munthu amene wakhala nthawi yaitali akudikira kuti aitanidwe.

Bamboyo anakondwa, anati mwaona nzeru zake, n'kubwerera kukhitchini kukatenga shuga.

Phee anamubwezera mwanayo kubere. Anandiyang'ana ndi maso ouma.

"Asisi, kuyamwitsa ndikuyamwitsa. Koma sindikudziwa kuti ndi uti."

Kukhitchini sipuni inkalira m'kapu.

"Ngati uyu ndi woyamba uja," anatero, "nanga amene ndinanyamula miyezi yonseyi ali kuti?"